Kodi masamu a maginito angalosere tsogolo la Chitumbuka mu Mzuzu?

Wowerenga wina, yemwe akuphunzira fizikisi pa Mzuzu University ku Luwinga, wanditumizira imelo yofunsa ngati masamu ofotokoza maginito angatiuze chiyankhulo chimene chidzatsale mu Mzuzu pakati pa Chitumbuka ndi Chichewa. Mbale wanga, masamuwo angakuthandizeni kumvetsa mmene anthu amasiyira chiyankhulo china n'kutengera china, koma musawadalire kuti alosere za mzinda uno.

Maziko ake ndi ntchito ya mu 1925 ya Ernst Ising, wa fizikisi wa ku Germany, yomwe imayerekezera chitsulo ngati timaginito tambirimbiri, kalikonse koloza kumwamba kapena pansi ndipo kokokeka kuloza kumene oyandikana nako aloza, pamene kutentha kumatisokoneza. Chitsulo chikatentha kupitirira madigiri a Celsius pafupifupi 770, kugwirizanako kumatha ndipo mphamvu ya maginito imazimirira. Chimene chinakopa ofufuza za chikhalidwe n'chakuti khamu lonse lingathe kuloza mbali imodzi popanda wolilamula, bola aliyense azitengera oyandikana naye.

Pa nkhani ya ziyankhulo, ntchito yodziwika kwambiri ndi ya Daniel Abrams ndi Steven Strogatz, yomwe inatuluka m'magazini ya Nature mu 2003. Iwo anati munthu amasamukira ku chiyankhulo china chifukwa cha kuchuluka kwa ochiyankhula komanso phindu ndi ulemu umene chimapatsa mwini wake, ndipo masamu awo anagwirizana bwino ndi kuchepa kwa oyankhula Welsh ku Wales, Scottish Gaelic ku Scotland ndi Quechua ku Peru. Mathero ake ndi owawa: ziyankhulo ziwiri zikamalimbirana anthu omwewo, chimodzi chimafa.

Apa mpamene ndikusiyana nawo, chifukwa m'masamu awo munthu aliyense amayankhula chiyankhulo chimodzi chokha ndipo amakumana ndi wina aliyense mofanana. Pitani mumsika waukulu wa Mzuzu mukamvetsere mayi wogulitsa usipa, yemwe amaitanira ogula m'Chichewa, amacheza ndi mnzake wapambali m'Chitumbuka, ndipo mwina amanenerera mtengo m'Chitonga ndi amene wabweretsa nsombazo kuchokera ku Nkhata Bay. Mayi ameneyu mudzamuwerengera mbali iti? Mu 2005, Jorge Mira ndi Ángel Paredes, pofufuza za ku Galicia m'dziko la Spain, anawonjezera gulu la oyankhula ziwiri ndipo anapeza kuti ziyankhulo zofanana mokwanira zingathe kukhalira limodzi. Chitumbuka ndi Chichewa n'zapachibale, choncho masamu awa ndiwo akuyandikira zathu.

Palinso dzanja la boma. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha MCP unagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC ndi m'masukulu, ndipo chinabwerera pa wailesiyo mu 1994. Wa fizikisi anganene kuti ameneyo anali maginito wamphamvu wokoka kuchokera kunja, ndipo angamulowetse m'masamu, koma chigamulo chotero sangachione chisanachitike. Komanso anthu sanangogonja, poti m'makomo ndi m'mipingo ya Sinodi ya Livingstonia anapitiriza kuyankhula, kupemphera ndi kuimba m'Chitumbuka.

Ngati mukufuna kuchita kafukufuku, musayambe ndi funso lakuti munthu amayankhula chiyani, chifukwa ambiri adzakutchulirani mtundu wa makolo awo. Mvetserani chimene ana a ku Chibavi, Zolozolo ndi Chiputula amayankhula posewera, chimene amayankhira agogo awo, ndi chimene amagulira malonda, kenako muyese masamu a Mira ndi Paredes pa ziwerengero zimenezo.