Funsani Dokotala: Ndikamalimbana ndi maganizo usiku, tulo timathawa

Adokotala, ndine mnyamata wa zaka 23, ndimaphunzira ku Yunivesite ya Malawi ndipo ndimakhala ku Chikanda. Kwa miyezi itatu tsopano tulo tikundivuta. Ndikangogona ndimamva mtima kugunda, ndiye ndimayamba kuwerenga mpweya wanga poopa kuti ndikapanda kusamala ndisiya kupuma. Maganizo oipa akabwera ndimalimbana nawo koma amabweranso. Mnzanga anandipatsa Piriton, pano ndikumwa awiri usiku uliwonse. Kodi mutu wanga wayamba kusokonekera? Wodandaula, Chikanda.

Achimwene, ndiyambe ndi funso lomalizalo chifukwa ndilo likukudyani mumtima kuposa tulo tenitenito. Zimene mwafotokozazi sizikuonetsa misala. Zikufanana ndi matenda a nkhawa, omwe ndi ofala kwambiri, makamaka kwa ophunzira mayeso akayandikira, ndipo thandizo lake lilipo.

Koma pali chikhulupiriro china chabisala m'kalata yanu chomwe sindingachisiye. Ambiri tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna weniweni amagwira maganizo ake ndi manja awiri, ndipo akangotayirira pang'ono ndiye kuti kupenga kwayamba. Si zoona. Mtima wanu umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku osakupemphani chilolezo. Kupuma kumayendetsedwa ndi gawo la m'munsi la ubongo, lomwe limayeza mpweya woipa m'magazi n'kulamula mapapo, kaya muli maso kaya muli m'tulo tofa nato. Munabadwa likugwira kale ntchito, ndipo zaka 23 zonsezi silinapite kutchuthi. Kuwerenga kwanuko sikukuwonjezera kanthu. Kukungouza thupi kuti kunja kwaopsa, thupi n'kutulutsa adrenaline, madzi a m'thupi okonzekeretsa munthu kuthawa zoopsa, mtima n'kuthamanga, inu n'kumva kuthamangako n'kuchita mantha kwambiri. Mwaona mmene zikuzungulirira?

Maganizo nawonso ndi chimodzimodzi. Mu 1987 katswiri wina wa ku America, Daniel Wegner, anauza anthu kuti asaganizire za chimbalangondo choyera. Chinawabwerera m'mutu mobwerezabwereza. Chifukwa chake n'chakuti pofuna kupewa ganizo, ubongo umayenera kumasuzumira ngati ganizolo lafika, ndipo kusuzumirako ndiko kuliitana. Maganizo odabwitsa amadutsa m'mutu mwa munthu aliyense, abusa ndi madokotala omwe. Ganizo lotere likabwera lionereni, nenani chamumtima kuti labweranso, musalitsutse, lidzapita lokha. Tulo tili ngati nkhuku ya pakhomo: mukaithamangitsa imakuzungulitsani nyumba yonse, mukakhala pansi phee imadzabwera yokha kudzatola pafupi ndi mapazi anu. Ndipo zomwe mwawerenga masana ubongo umazikhazika bwino muli m'tulo, choncho kuchezera ndi mabuku mpaka tambala woyamba n'kudzibera nokha.

Za Piriton ndikudzudzulani pang'ono. Amenewo ndi mankhwala a ziwengo ndi kuyabwa, kuodzera n'chotsatira chabe. Thupi limawazolowera msanga, n'chifukwa chake mwafika pa awiri, ndipo m'mawa mumalowa m'kalasi mutu uli zii. Mnzanuyo anafuna kukuthandizani, koma mawa adzakubweretserani diazepam, mankhwala amphamvu ogonetsa, ndipo ameneyo akakugwirani kumusiya ndi nkhondo. Miyezi itatu, achimwene, chipatala chili pompano!

Pakali pano dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ngakhale mutagona mochedwa. Khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zopatsa mphamvu zilekeni ikangokwana nthawi ya nkhomaliro. Mukakhala pabedi mphindi ngati 20 tulo osabwera, dzukani mukhale pampando, foni ili kutali, mubwerere pokhapokha maso akalemera. Ola musamaliyang'ane.

Izi zokha sizikwanira. Sabata ino pitani ku kiliniki ya pasukulu panu, ku chipatala cha Matawale kapena ku Zomba Central. Kugunda kwa mtima kumabweranso ndi kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro kapena BP, ndipo zimenezi sindingaziyeze pa kalata. Akakuyezani n'kupeza kuti thupi lili bwino, pemphani kuonana ndi namwino kapena dokotala wa za maganizo. Ndikudziwa chomwe chimabweza anthu pano pa Zomba: kuopa kuti wina akawaona akulowera cha ku Mental, chipatala cha matenda a maganizo, nkhani ifika ku Chikanda iwo asanabwerere. Ambiri opita kumeneko amaonedwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo, ndipo thandizo loyamba la vuto ngati lanu nthawi zambiri ndi uphungu wokuphunzitsani kuleka kulondera thupi lanu, jakisoni ayi.

Maganizo oipawo simunanene kuti ndi otani. Ngati akukhudza kudzipweteka kapena kudzipha, kapena mwayamba kumva mawu omwe anzanu sakuwamva, musadikire sabata, pitani lero ndi munthu amene mumamukhulupirira. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi kapaketi ka Piriton kaja, ndipo mukawauze chilungamo kuti mukumwa angati.