Kompyuta yojambulira TV ikundimalizira mayuniti

FUNSO: Achimwene, ine ndili pa Kamwendo ku Mchinji kuno. Ndili ndi kadesikitopu kakale kamene ndinakalumikiza ku eriyo kuti kazindijambulira nkhani za pa MBC ndi mpira ndikakhala ku geni, koma kamangokhala koyaka usana ndi usiku moti mayi akunyumba ayamba kudandaula za mayuniti. Ndikakazimitsa sikajambula. Nditani?

YANKHO: Bambo, mayiwo sakunama ayi. Tinene kuti kakompyutako kamadya mawati 60 kakangokhala phee, pa maola 24 ndi yuniti imodzi ndi theka pafupifupi, pamwezi mayuniti 43, chonsecho inu mumajambula mwina maola awiri okha patsiku.

Musamakazimitse, muzikagoneka. Pa Windows pitani pa Power Options muike kuti kazigona (Sleep) pakatha mphindi 15 osakakhudza, ndipo pomwepo muyatse Allow wake timers, apa ndi pamene ambiri amaiwala kenako nkumati makinawa ngolodzedwa. Mapulogalamu ojambulira TV ngati NextPVR amakadzutsa okha nthawi yojambula ikayandikira, kakamaliza kamagonanso. Kali mtulo kamangodya mawati awiri kapena atatu basi.

Koma nkhani yaikulu kwathu kuno ndi kuzima kwa magetsi. Sleep imasunga zonse mu RAM (memore ya kompyuta imene imafufutika magetsi akachoka), ndiye magetsi akangothima zonse zapita ndipo akabwera kompyuta siidzuka yokha, gemu ya Maule ndi Manoma nkukudutsani inu muli kumsika. Lowani mu BIOS (masetingi a makinawo otsegulidwa Windows isanayambe, nthawi zambiri mumadina F2 kapena Del poyatsa) mupeze pamene palembedwa Restore on AC Power Loss kapena AC Recovery muike Power On, magetsi akabwera kazidziyatsa kokha, kadikire mphindi zija nkugonanso. Muli momwemo onani wotchi. Ngati tsiku likumabwerera m'mbuyo ndiye kuti kabatire ka mkati mwa kompyuta kozungulira ngati kobiri kaja, CR2032, katha, sinthani, apo bii kazidzuka nthawi yolakwika nkukujambulirani zotsatsa malonda.

Mukaona kakudzuka kokha pakati pausiku, kawirikawiri imakhala mbewa, osati ya kumunda ija, ya pakompyutayo, mwana akangogunda tebulo basi kadzuka. Lembani powercfg /lastwake mu Command Prompt (kawindo kakuda kolembamo malamulo pa Windows) ikuuzani chomwe chakadzutsa. Ndipo sikirini muzithimitsa pabatani, kujambula sikulira sikirini.