Bolodi la seva yoziziritsidwa ndi madzi lapsa: kodi ndisinthe ndekha?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene amayang'anira makompyuta pa kampani ina ku Kanengo, kuphatikizapo seva, kompyuta yaikulu yosunga deta ndi mapulogalamu a kampani. Anati: "Seva yathu yaikulu ndi yoziziritsidwa ndi madzi. Tsiku lina magetsi atazima n'kubweranso mwamphamvu, inakana kuyaka, ndipo amene anatigulitsa akuti bolodi lalikulu ndi limene lapsa. Latsopano lafika kuchokera ku Johannesburg, koma mmisiri wawo sabwera msanga. Mabolodi a makompyuta a pa desiki ndasinthapo ambiri. Kodi iyi ndingaigwire ndekha? Nanga madziwo ndiyambe ndawakhuthula?"

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanatole sikuludiraiva, paja safunsa anadya phula. Yambani ndi kuona ngati waranti ya seva ikadalipo. Makampani ambiri opanga maseva amafuna kuti bolodi lalikulu (motherboard), pomwe pamalumikizidwa zipangizo zonse za mkati mwa seva, lisinthidwe ndi mmisiri wawo, ndiye mukatsegula nokha n'kuwononga kanthu adzakukanirani. Aimbireni, akulolezeni polemba. Akalola, kapena ngati waranti inatha kale, ntchitoyi mungaithe. Koma imelo yanu ikuonetsa kuti mantha anu onse ali pa madzi, pamene ine amene ndaona anthu akulira pa ntchito imeneyi ndikuti zowawa zambiri zimachokera kwina: ku timano tachitsulo ta mu soketi, malo okhalapo purosesa (ubongo wa kompyuta), ndi ku zinthu zimene bolodi lakale linasunga m'mutu mwake.

Za madzizo tiyambe tathana nazo. Nthawi zambiri simukhuthula. Pamwamba pa purosesa iliyonse pamakhala kachitsulo ka mkuwa kotchedwa cold plate, kokhala ndi tinjira ting'onoting'ono mkati momwe madzi amadutsa n'kutenga kutentha. Madzi amanyamula kutentha kuposa mpweya wochuluka chimodzimodzi maulendo oposa 3,000, n'chifukwa chake njirayi yafala tsopano pamene purosesa imodzi ikumadya mawati 300 kapena kuposa. Si yachilendo ayi: kompyuta yaikulu ya SuperMUC ku Germany inayamba kuziziritsidwa ndi madzi ofunda mu 2012. Maseva ena ali ndi pampu ndi radiyeta mkati momwemo, zonse zomatidwa ku fakitale. Amenewo simutsegula paipi iliyonse. Ena amalandira madzi kuchokera ku mapaipi oimirira kumbuyo kwa raki (shelefu yachitsulo yoikamo maseva), ndipo polumikizira pake pamadzitseka pokha mukazula. Mitundu iwiri yonseyi, cold plate ndi mapaipi ake mumazinyamula pamodzi, madzi ali momwemo, n'kuziika pambali. Pokhapokha ngati buku la seva yanuyo likunena kuti mukhuthule ndi pamene mungatero, ndipo mutsate mmene lanenera.

Pozula polumikizirapo muike thaulo pansi pake ndi tishu yoyera m'manja. Kadontho kamodzi kapena kawiri n'zabwinobwino. Koma mukaona madzi akupitiriza kusonkhana pamlomo pake, bwezerani msanga, ndiye kuti kavalavu ka mkati sikanatseke. Musaiwale kuvalika tizivindikiro pa milomo yonse, makamaka miyezi ya September ndi October pamene fumbi la kuno ku Lilongwe limalowa ngakhale m'chipinda chotseka. Kamchenga kamodzi kakhoza kukanda kalabala ka mkati, n'kuyamba kudontha patatha mwezi inu mutaiwala kale.

Ndipo chonde, ngati madzi achepa musathiremo a pampopi, ngakhale a m'botolo ogula mu shopu. Madzi a m'maseva ambiri ndi oyeretsedwa mwapadera, osakaniza ndi propylene glycol, kawirikawiri magawo 25 pa 100, ndi mankhwala oletsa dzimbiri ndi ndere. Madzi akumwa ali ndi mchere ndi klorini zimene zimadya mkuwa ndi kutseka tinjira tija. Madzi a glycol akadonthera pa bolodi sauma ngati madzi wamba, amasiya utoto woterera umene umakoka fumbi, choncho pofunika kupukuta ndi isopropyl alcohol n'kudikira paume.

Tsopano mundimvetsere bwino, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Bolodi la seva si chitsulo chabe. Limasunga nambala ya seva, makiyi otsekulira deta, ma adiresi a netiweki ndi malaisensi. Mukalichotsa, zonsezo zimapita nalo.

Poti bolodi lanu lapsa, yesani kaye kulowa mu kakompyuta kakang'ono koyang'anira seva, kamene a Dell amakatcha iDRAC, a HPE iLO, a Lenovo XClarity Controller. Kamakhala ndi polowera netiweki pakepake ndipo nthawi zina kamayankha seva itafa, bola chingwe cha magetsi chili cholumikiza. Kakayankha, tulutsani zonse: makonzedwe a BIOS (pulogalamu yoyatsa seva), laisensi ya kakompyutako, mtundu wa firmware (mapulogalamu omangidwira mu zipangizo za pa bolodi), ndi ma MAC adiresi, manambala ozindikiritsa makadi a netiweki omangidwira pa bolodi. Ma adiresi amenewa adzasintha ndi bolodi latsopano. Ngati seva imalandira IP yake (adiresi yake ya pa netiweki) potengera MAC, kapena muli ndi pulogalamu ya akaunti imene laisensi yake inamangidwa ku makina amenewo, Lolemba m'mawa a ku akaunti adzakupezani pakhomo.

Choopsa kwambiri ndi TPM, kachipangizo kosunga makiyi. Ngati ma disiki anatsekedwa ndi BitLocker, pulogalamu ya Windows yotseka deta, seva ikadzayaka ndi bolodi lina idzafuna kiyi yopulumutsira ya manambala 48. VMware ESXi, pulogalamu yoyendetsa makompyuta angapo mu seva imodzi, nayonso, kuyambira pa 7.0 Update 2, imamanga makonzedwe ake ku TPM ndipo imafuna kiyi yakeyake. Kiyi imeneyo muipeze lero, muione ndi maso anu, muilembe papepala. Ngati inasungidwa mu seva yomweyo imene yafayi, imani kaye, mufufuze mu bakapu kapena kwa amene anaikhazikitsa. Popanda kiyi imeneyo deta yotsekedwayo siidzatsekukanso, ngakhale mutaitana katswiri wochokera kuti.

Tsiku logwira ntchito, zimitsani seva, zulani zingwe zonse za magetsi, pakuti maseva amakhala ndi ma power supply awiri ndipo anthu amazula chimodzi n'kuyesa atha. Jambulani ndi foni mkati monse musanakhudze kanthu, pafupi ndi patali, kenako mumate kapepala pa chingwe chilichonse. Memory ibwerere m'malo omwewo mmene inali, chifukwa dongosolo lake limakhudza liwiro la seva. Ine ndimaindandalika pa thumba lake motsatana ndi manambala a pa bolodi. Valani lamba wa pamkono woteteza ku static, magetsi amene amaunjikana m'thupi. M'miyezi ya June ndi July mpweya wa kuno umauma kwambiri, mwina munamvapo kulumidwa pogwira chitseko cha galimoto mutavala juzi. Kulumako, ngakhale kochepa koti simungakumve, n'kokwanira kupha kachipangizo pa bolodi.

Timabawuti ta cold plate timasulidwe motsata manambala olembedwa pamenepo, pang'onopang'ono mosinthanasinthana, osati kumaliza kamodzi kenako kena. Mapurosesa a Intel Xeon ambiri amafuna sikuludiraiva ya mutu wa nyenyezi yotchedwa Torx T30, pamene soketi ya AMD SP3 imafuna T20, ndipo imatsekulidwa 3, 2, 1 n'kutsekedwa 1, 2, 3. Musakakamize ndi sikuludiraiva wamba. Thermal paste yakale, phala lopakidwa pakati pa purosesa ndi cold plate, imagwira ngati guluu, ndiye cold plate musaizule mwamphamvu. Ikadzuka isalendewere pa mapaipi ake, ndipo paipi isapindike mpaka kuthyoka msana. Maseva ena, monga a Lenovo Neptune, ali ndi chitsulo chapadera chogwirira mapaipi onse pamodzi powanyamula. Ngati chilipo, chigwiritseni ntchito. Ngati palibe, itanani mnzanu agwire mbali ina. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri.

Ndikuuzeni zimene zinandionekera m'chipinda china cha maseva ku City Centre zaka zingapo zapitazo. Zonse zinali zitayenda bwino, bolodi latsopano lili m'malo, ndachotsa kachivindikiro kakuda ka pa soketi. Ndikutembenuka kuti nditenge purosesa, mkono wa juzi unangopukuta pamwamba pa soketi, osamveka n'komwe. Seva inayaka, koma memory ina sinaoneke. Tinasinthanitsa memory, tinatsitsa firmware, dzuwa mpaka kulowa. Nditachotsanso purosesa n'kuunika ndi tochi ya foni chopendeketsa, ndinaona pakona timano tiwiri tikunyezimira mosiyana ndi tinzake, titagona chammbali ngati udzu wopondedwa. Soketi ya LGA 4189 ili ndi timano 4,189, towonda kuposa singano, ndipo tiwiri tokha tinakwanira kutseka njira ya memory. Kuitanitsa bolodi lina kunatenga masabata, ndi mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza, kuwonjezapo msonkho likafika pa bwalo la ndege la Kamuzu. Kuyambira tsiku limenelo ndimapinda manja a malaya, ndipo kachivindikiroko ndimakachotsa purosesa ili kale m'dzanja linalo. Mukakachotsa mukavalike pa soketi ya bolodi lakale, chifukwa ngati mukulibweza kwa ogulitsa, akapeza timano topindika akhoza kunena kuti mwaliwononga ndinu.

Paste yakale ipukutidwe yonse mbali ziwiri, muike yatsopano mmene buku lanenera. Pali cholakwa china chimene chimachitika pa maseva a madzi okha: cold plate ndi mapaipi ake nthawi zina zimagundanso tizipangizo tina totentha pa bolodi, monga toyendetsa magetsi a purosesa, kudzera pa timapadi tofewa. Timapadi timeneti tikang'ambika kapena kutsalira pa bolodi lakale, seva idzayaka bwinobwino, purosesa ikuoneka yozizira, koma tizipangizoto tikupsa mwakachetechete poti mulibe mphepo yokwanira yotiziziritsa. Muwerenge timapadi pochotsa, muwerengenso pobwezera. Chingwe cha kachipangizo kozindikira kudontha nacho chisaiwalike, n'chaching'ono ndipo chimabisala pansi pa zinzake.

Mukamaliza kumanga, lumikizani madzi poyamba, magetsi pambuyo. Siyani madzi ayende kwa kanthawi seva ili chizimire, mukuyendetsa tishu youma pansi pa polumikizira paliponse. Pa seva ya pampu ya mkati zimenezi sizitheka, ndiye onetsetsani kuti chingwe cha pampu chalowa pamalo pake, ndipo ikangoyaka muone ngati pampuyo ikuzungulira. Kuyaka koyamba kumachedwa, mphindi zingapo sikirini ili bii, musathamangire kuzimitsa. Maseva a Dell amakufunsani ngati mukufuna kubwezeretsa Service Tag (nambala ya seva) ndi makonzedwe akale kudzera mu Easy Restore, vomerani. Pa mitundu ina nambala ya seva mumailemba nokha. Mukailumpha, waranti ndi malaisensi sizidzaizindikira seva yanu. Konzani tsiku ndi nthawi, kwezani firmware ifanane ndi yakale kapena kuposa. Kadi ya RAID, yoyang'anira ma disiki, ikanena kuti yapeza foreign configuration (dongosolo la ma disiki limene sikulidziwa), sankhani Import. Mukasankha Clear mwafufuta dongosolo la ma disiki anu.

Kenako ipatseni ntchito yolemetsa kwa ola limodzi mukuyang'ana kutentha kwa mapurosesa onse. Ngati ina ikutentha kwambiri kuposa inzake, cold plate yake sinakhale bwino kapena mwalowa mpweya. Nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka March, muziyang'ananso kuzizira kwa madzi olowa: akazizira kwambiri m'chipinda cha chinyezi, mapaipi amachita thukuta ngati botolo lochokera mu firiji, ndipo thukutalo limadonthera pa bolodi popanda paipi yobooka.

Chinthu china mu imelo yanu chandidetsa nkhawa. Mwati bolodi linapsa magetsi atabwera mwamphamvu. Seva yotere imayenera kukhala kumbuyo kwa UPS (makina a mabatire osunga magetsi) ya mtundu wa online, imene imapanga magetsi akeake osalala nthawi zonse, ndiye mphamvu imeneyo siinayenera kufika pa bolodi. Mwina UPS yanu inasiyidwa pa bypass, pomwe magetsi amangoilambalala, mwina mabatire ake anatha, paja amafooka pakatha zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo m'chipinda chotentha amafa msanga kuposa apo. Mwinanso waya wa earth wa nyumbayo ndi wosalumikizika bwino, kapena vuto lili posinthira kupita ku jenereta. Itanani wa zamagetsi ayeze zonsezi, muyezetsenso ma power supply awiri aja poti nawo analandira nkhonya yomweyo, bolodi latsopanolo lisanatuluke m'thumba lake.