Zingati kapena chachingati? Yankho kwa mayi a ku Mangochi

Mayi ena a ku Mangochi andilembera imelo kuti mwana wawo wa sitandade 4 wabwera ndi homuweki ya cardinal numbers ndi ordinal numbers, ndiye iwo sakuona kusiyana kwake, akuti onsewo si manambala basi?

Mayi, zikomo pofunsa, ndipo musade nkhawa coz zimenezi mumaziyankhula kale tsiku lililonse. Cardinal imayankha funso loti "zingati?" Mukalawirira kunyanja nkugula nsomba zitatu za chambo, 3 ameneyo akunena kuchuluka kwake. Ordinal imayankha "chachingati?", ndiye kuti malo a chinthu pamzere. Mukati nsombazo mwagula m'boti lachitatu kukocheza, mukunena boti limodzi lokha, ndipo sitikudziwa ngati maboti onse anali 4 kapena 40, tangodziwa kuti awiri anafika ilo lisanafike.

Nchifukwa chake ma cardinal mumatha kuwaphatikiza, nsomba ziwiri ndi zitatu zikwana zisanu, koma mwana wachiwiri ndi wachitatu sangakhale mwana wachisanu ayi.

M'Chichewa ndi zosavuta, timangoika "chi" pakati: awiri wachiwiri, atatu wachitatu, anayi wachinayi. Woyamba yekha ndiye ali ndi mawu akeake. Ngakhale masiku a sabata, Lachiwiri mpaka Lachisanu, onsewo ndi ma ordinal, kuwerenga kuchokera Lolemba. Kapena muuzeni mwanayo za mlatho wa pa Shire pabomapo, dzina lake ndi la a Bakili Muluzi, pulezidenti wachiwiri wa dziko lino amene analowa m'malo mwa Kamuzu mu 1994.

Tsono pomwe ana athu amasokonekera kwenikweni, ine ndimaona kuti ndi pa kayankhulidwe kathu komwe, timati "wakhala nambala 3 m'kalasi" ndiye mwana akafika pa mayeso a Chizungu amangolemba 3 pomwe aphunzitsi akufuna 3rd, nkuluza malikisi pa chinthu choti amachidziwa bwinobwino, zimandiwawa kwambiri. Muphunzitseni timichira timeneti: 1st, 2nd, 3rd, kuyambira 4 ndi th. Koma achenjere pa 11, 12 ndi 13, amenewa ndi 11th, 12th, 13th, kenako pa 21 zimabwereranso 21st, 22nd, 23rd. Madeti nawonso ndi momwemo, tsiku lomwe tinalandira ufulu mu 1964 amalilemba 6th July.

Madzulo ano mundandalike mbale zisanu pamkeka, mumufunse kuti zilipo zingati, kenako muloze imodzi mumufunse kuti ndi yachingati kuchokera kumanzere, ayankhe m'Chichewa kaye kenako alembe m'kope mwake m'Chizungu.