Tsiku la tamalada: kuphika limodzi ndi achinyamata a makolo a ku Mexico

Mayi wina wa ku Malawi amene amakhala ku Indiana, ku America, watilembera imelo. Amathandiza gulu la achinyamata 15 kutchalitchi kwawo. Ambiri mwa anawa anabadwira konko, koma makolo awo anachokera ku Mexico, ena ku El Salvador ndi ku Guatemala. Akufunsa kuti: "Akakumana aliyense amangoweramira foni yake. Ndikufuna tiphike limodzi chakudya cha kwawo. Tiphike chiyani, nanga ndiyambire pati poti ine si wa mtundu wawo?"

Mayi, phikani tamales. Ndi ufa wa chimanga wokanda ndi mafuta, woikamo ndiwo pakati, wokulunga m'makoko a chimanga ndi kuphika ndi nthunzi. Ngati munadyapo mkate wa nthochi wokulunga m'masamba, chithunzi chake muli nacho kale. Tasankha chakudyachi chifukwa ntchito yake imafuna manja ambiri, mpaka tsiku lokulunga lili ndi dzina lake, tamalada. Mabanja a ku Mexico amachita zimenezi makamaka mu Disembala, nthawi ya Las Posadas (chikondwerero chokumbukira Yosefe ndi Maria akufunafuna malo ogona) kuyambira pa 16 mpaka 24, komanso pa 2 Febuluwale, tsiku la Candelaria, lokumbukira kuperekedwa kwa Yesu m'kachisi.

Musakhale mphunzitsi ndinu. Pemphani amayi kapena agogo awiri a anawo kuti adzatsogolere, inu musamale zogula, malo ndi nthawi. Koma agogowo muwapemphe chinthu chimodzi pasadakhale. Ambiri mwa achinyamatawa Chisipanishi amachimva koma kuyankhula chimawavuta, ndipo anzawo amawaseka kuti ndi "no sabo kids". Ena amadzinena okha kuti "ni de aquí, ni de allá", kutanthauza kuti si a kuno, si a uko. Mwana wotere akalakwitsa mawu pagulu nadzudzulidwa, sabweranso. Choncho tsiku limenelo akonzedwe pa kapakidwe ka ufa, osati pa chiyankhulo. Mawu adzabwera okha: masa (ufa wokanda), hoja (khoko), olla (poto), munthu atagwira chinthucho m'manja.

Pa ufa ndi pamene inu mungaphonye. Ufa woyera kapena mgaiwa sungagwire ntchito. Chimanga cha tamales chimayamba chaphikidwa ndi kunyikidwa m'madzi a laimu wodyedwa, amene iwo amati cal, ndipo kale ena ankagwiritsa ntchito phulusa, zofanana pang'ono ndi chidulo chathu. Zimenezi zimafewetsa khungu la chimanga, zimapangitsa ufa kumatana, ndipo zimaupatsa fungo lakelake. Gulani masa harina, ufa wa chimanga chokonzedwa motero, wolembedwa kuti "para tamales" chifukwa ndi wa miseremisere. Wa Maseca amapezeka m'masitolo ambiri ku America.

Pa tamales pafupifupi 50 mufunika kilogalamu imodzi ya ufawo, magalamu 450 a mafuta a nkhumba olimba, malita 1.5 a msuzi wofunda, masupuni aang'ono 4 a baking powder ndi supuni yaikulu imodzi ya mchere. Kwa ana 15 ndi akuluakulu, wirikizani kawiri kuti ena atengere kunyumba.

Nyama muphike dzulo lake: makilogalamu 2 a phewa la nkhumba, anyezi, adyo ndi mchere, maola awiri kapena atatu mpaka izinyenyeka ndi foloko. Msuzi wake musataye, ndi womwe mudzakandire ufa. Tsabola wouma wa guajillo 15 ndi wa ancho 5 mumuchotse njere, mumukazinge pa chiwaya chouma masekondi ochepa mbali iliyonse. Akada ndiye kuti wapserera, ndipo supu yense adzawawa. Munyikeni m'madzi otentha mphindi 20, mugayeni ndi adyo ndi msuzi pang'ono, sefani, kenako sakanizani ndi nyama. Ikazizira ilowe mufiriji. Isakhale panja kupitirira maola awiri.

M'mawa wa tsikulo nyikani makoko m'madzi otentha ola limodzi. Ouma amang'ambika popinda. Kenako menyani mafuta okha mpaka atayera ndi kupepuka, ndipo muziwonjezera ufa ndi msuzi pang'onopang'ono. Kuti mudziwe kuti wakwana, ponyani kachibenthu m'kapu ya madzi ozizira. Kakayandama, mwatha. Kakamira, menyanibe, apo ayi tamales adzalimba ngati nsima yogona. Mayesowa apatseni ana aang'ono kwambiri, amawakonda.

Tsopano tebulo, ndipo likhale limodzi, lalitali, onse moyang'anizana. Awiri azipukuta makoko. Asanu kapena asanu ndi mmodzi azipaka: masupuni aakulu awiri a ufa kumbali yosalala ya khoko, mopyapyala, kusiya nsonga yopanda kanthu. Ena aziika supuni imodzi ya nyama pakati, ena azipinda mbali ziwiri kenako nsonga. Mphindi 20 zilizonse asinthane ntchito, ndipo potero amasinthanso woyandikana naye. Manja akadzaza ufa ndi mafuta, foni imaiwalika popanda wina kulamula. Apa ndi pamene agogo amayamba kufotokoza za kumudzi kwawo, ndipo mkangano umabuka. Wa ku Guatemala adzanena kuti kwawo amakulunga m'masamba a nthochi, wa ku El Salvador adzatchula tamales pisques a nyemba. Musauzimitse mkanganowo. Gulanitu mpukutu wa masamba a nthochi, muwaule pamoto kuti afewe, gulu lina likulunge mwa njira imeneyo. Mukapanga zonse kukhala za ku Mexico zokha, ana ena adzadziona ngati alendo kachiwiri. Funsaninso amene sadya nkhumba. Iwo muwakandire ufa padera ndi mafuta olimba a zomera, osathira msuzi wa nkhumba, ndiwo yake tchizi ndi tsabola wa poblano wowotcha.

M'poto wa nthunzi madzi asakhudze tamales. Aimikeni chilili, kotseguka kuyang'ana kumwamba, osawathithikiza, muwafunditse makoko otsala ndi kansalu koyera. Pansi pa madzi ponyani ndalama yachitsulo yotsuka bwino: ikamalira madzi alipo, ikangoti zii onjezerani madzi owira msanga, poto asapserere. Aphike ola limodzi ndi theka. Tulutsani imodzi, idikire mphindi zisanu, mufutukule. Khoko likamatuka losatenga ufa, apsa. Zimitsani moto, akhale mphindi 15 kuti alimbe, chifukwa otentha kwambiri amaoneka ngati osapsa ndipo anthu amawaphika mopitiriza.

Nthawi yodikirayi ndi yotsuka ziwiya, anyamata ndi atsikana omwe, komanso yoti aliyense alembe mlingo wa agogowo m'chiyankhulo chimene akufuna. Akadya, mwana aliyense atenge tamales anayi m'kapepala kolembedwa dzina lake akapatse a kunyumba, ndipo musanabalalike gwirizanani banja limene lidzatsogolere ulendo wotsatira.