Mnyamata wadzicheka posema, kodi mpeni timulande?

Mayi wina wa ku Mufakose, muno mu Harare, wandifunsa za mwana wake wa zaka 14, yemwe ali Fomu 2. Akuti akangoweruka kusukulu amakhala kuseri kwa nyumba n'kumasema tizidutswa ta mitengo ndi mpeni wakukhitchini, ndipo sabata yatha anadzicheka chala chamkombaphala. Bambo ake akuti asiye, zimenezi n'zosokoneza sukulu.

Mayi, ndamva nkhawa yanu, koma ine ndikuti musamulande mpeni. Mukamulanda adzabwereka wina n'kumakasemera kobisika, ndipo kumeneko ndiye adzavulala kwambiri. Chofunika n'chakuti aphunzire kagwiridwe koyenera inu mukuona.

Ndikukhulupirira kuti mpeni wamuchekawo unali wobuntha. Mpeni wobuntha sulowa mumtengo, ndiye munthu amakankha ndi mphamvu zonse, kenako umaterereka n'kukatera pachala. Wakuthwa umadya mtengo mwakachetechete, tizibenthu tikumatuluka topiringizika. Choncho mumugulire mpeni waufupi wosapinda, wa chigwiriro cholimba, pamodzi ndi mwala wonolera. Ku msika wa Siyaso ku Mbare zoterezi sizisowa. Kasemasema ndi tchizulo zidikire kaye mpaka dzanja litakhazikika.

Kakhalidwe nako n'kofunika zedi. Ana ambiri amasanjika mtengo pantchafu n'kumasema, osadziwa kuti m'kati mwa ntchafu mumadutsa mtsempha waukulu wamagazi, woti ukadulidwa munthu amafooka m'mphindi zochepa. Akhale pampando, zigongono zitsamire pamaondo, mtengo ukhale kutsogolo kwa maondowo. Dzanja logwira mtengo likhale kumbuyo kwa mpeni nthawi zonse, osati kumene mpeniwo ukulowera. Akafuna kusema pamalo pang'ono, akankhe msana wa mpeni ndi chala chachikulu cha dzanja logwira mtengolo, pang'onopang'ono. Azivala nsapato zotseka, ndipo mpeni ukapulumuka ausiye ugwe, asauwakhe. Azing'ono ake asamamuunjirire.

Ayambe ndi mthiko. Musaderere, mthiko umaphunzitsa zambiri. Mtengo uli ndi njira yake, monga ulusi wa nzimbe: ukasema motsatira njirayo pamasalala, ukasema mobwerera pamanyotsoka. Pakhosi pa mthiko, pamene mpini umakumana ndi mutu, ndi pomwe mwana amazindikira kuti ayenera kusema kuchokera mbali zonse ziwiri molowera pochepapo. Akapanga mithiko itatu yoti inuyo mutakasire nsima osadandaula, apite pa chipande.

Mtengo woyambira tili nawo wambiri muno mu Harare, jakaranda yemwe amakongoletsa misewu ndi maluwa mu Okutobala. Ndi wofewa, ndipo ukakhala wauwisi umasemeka mosavuta, kungoti uziumitsidwa pamthunzi kuti usang'aluke. Azipempha nthambi zomwe zadulidwa kale, asamagwetse mitengo ya m'misewu. Mlombwa, umene anzathu kuno amati mukwa, komanso phingo, ndi zolimba ndiponso zodula, si za wophunzira. Matabwa opaka penti kapena othiridwa mankhwala a chiswe, ngakhalenso mitengo yotulutsa utomoni woyera ngati mkaka, asapangire chilichonse chokhudza chakudya. Posalaza ndi sandipepa azikhala panja atatseka mphuno, chifukwa fumbi lake limawononga chifuwa.

Akadzichekanso, musathirepo dothi kapena phulusa. Tsindirani pabalapo ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 dzanja lili m'mwamba, kenako mutsuke ndi madzi aukhondo. Ngati magazi sakusiya, bala layasama, kapena chala chachita dzanzi, thamangirani kukiliniki. Mukafunsenso za katemera wa kafumbata, ngakhale pa bala la sabata yathali.

Tsopano kwa bambo. Nkhawa yawo ya sukulu ndi yoona, ndipo nanenso sindingalole kuti mwana asiye kalasi chifukwa cha ziboliboli. Koma ziwirizi sizilimbana. Bungwe la mayeso la ZIMSEC lili ndi phunziro la ntchito za matabwa lotchedwa Wood Technology and Design pa O Level, ndiye mukafunse aphunzitsi ngati sukulu yake imaliphunzitsa. Masamu ndi Chingerezi aziwagwira zolimba, pakuti wosema wosadziwa kuwerengera mtengo wa katundu wake amadyeredwa masuku pamutu ndi ogula opikulitsa. Luso la manja lakwezapo anthu athu m'dziko muno. Ku Tengenenge, kufupi ndi Guruve, komwe Tom Blomefield anayambitsa mudzi wa osema miyala mu 1966, ena mwa osema oyambirira anali antchito a m'mafamu ochokera ku Malawi ndi ku Zambia. Kumudzi ku Malawi nako, ku Mua m'boma la Dedza, malo a KuNgoni akhala akuphunzitsa osema mitengo kuyambira 1976.

Loweruka lina mutenge mwanayo ndi bambo ake mukalowe mu National Gallery, nyumba yoonetseramo zaluso pa msewu wa Julius Nyerere, akaone ntchito za manja a akatswiri. Pobwerera mudzere kwa osema a m'mbali mwa msewu, mupemphe mmodzi wachikulire amusonyeze kanoledwe ka mpeni inu muli pompo.