Sofa kapena mgolo wa madzi? Yankho kwa achimwene a ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Area 25 ku Lilongwe. Dzina ndalisunga monga anapemphera. Akuti anakwatira zaka ziwiri zapitazo, ali ndi khanda la miyezi isanu, akukhala m'nyumba ya lendi, ndipo mwezi wamawa ndi wawo wolandira chipereganyu cha kuntchito. Iwo mtima uli pa sofa ndi TV yaikulu, chifukwa alendo akabwera amachita manyazi kuwakhazika pa mipando iwiri ya pulasitiki. Mayi akunyumba akuti ayi, ayambe agula mgolo wosungira madzi, gasi wophikira ndi tizinthu tina ta kukhitchini. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi tizinthu timeneti tingasinthe chiyani pabanja? Si kungomwaza ndalama kumeneku?"

Achimwene, zikomo polemba, makamaka chifukwa mwafunsa musanagule. Ndikuyankhani mosapsatira: ine ndili kumbali ya alamu anga. Koma musaone ngati azimayi tangogwirizana. Manyazi anuwo ndikuwamvetsa, ndipo si nkhani yaing'ono apongozi kufika pakhomo inu n'kumathamangira mpando kwa aneba. Ndibwereranso ku sofayo. Poyamba ndikupempheni chinthu chimodzi chosalira ndalama.

Loweruka likubwerali, dzukani nthawi imene alamu amadzuka. Musawafunse kanthu, ingoyang'anani zimene manja awo akugwira kuyambira kusanache mpaka tiyi atafika patebulo. Muona kuti nthawi yambiri ikuthera pa zinthu ziwiri: madzi ndi moto. Chinthu chilichonse chimene chingachepetse ntchito ziwirizi chimagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku, pamene sofa imadikira mlendo wa Lamulungu.

Ine ndinayamba banja ku Ndirande kuno ku Blantyre, pa nyumba za mdadada, mabanja asanu mpopi umodzi. Madzi ambiri a mzinda uno amachokera kutali, ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ndipo amachita kupopedwa kukwera mtunda ndi makina a magetsi. Ndiye kukakhala vuto kulikonse m'njiramo, mpopi umangopuma mpweya. Masiku amenewo madzi ankakonda kubwera pakati pa usiku. Ndinkagona khutu limodzi lili panja, ndikangomva ndowa ya aneba ikulira pampopi, ndinkadzambatuka, chitenje m'chiuno, kukaima pamzere mumdima. Akapanda kubwera, m'mawa unali ulendo wa kukiyosiki. Chidebe cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, achimwene, ndipo nyumba ya khanda siitha ndi chidebe chimodzi. Matewera okha amafuna ziwiri. Kukwera nacho chitunda pamutu, mwana ali kumsana, kanayi kapena kasanu, pofika masana khosi limakhala lauma ngati mtengo.

Tsiku limene bambo akunyumba anabwera ndi mgolo wa pulasitiki wa malita 200, ndinagona tulo tosadukiza. Mgolo umenewo ndi zidebe khumi. Madzi akabwera umadzaza kamodzi, ndipo mpopi ukauma masiku awiri mtima sukhala m'mwamba. Alamu anga akamati mgolo, akunena tulo tawo ndi msana wawo.

Pogula, funsani chimene munali m'mgolomo kale. Wina umakhala unasungamo mankhwala a kufakitale, ndipo umenewo usiyeni ngakhale utsike mtengo bwanji. Ukhale ndi chivundikiro chothina, chifukwa khanda lanulo posachedwa liyamba kukwawa ndi kuimirira, ndipo mwana amatha kumira ngakhale m'ndowa ya madzi ochepa. Madzi akumwa muwapatulire ndowa yakeyake yokhala ndi kampopi m'munsi, zija zinachuluka nthawi ya Covid-19, kuti pasakhale womiza kapu kapena dzanja. Muzithiramo WaterGuard kapena kuwawiritsa. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 imene inatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Ndowa ya kampopi ndi yotchipa kuposa ulendo umodzi wa kuchipatala usiku.

Tsopano moto. Mwayatsapo mbaula m'mawa wa mu Juni, makala atanyowa ndi mame? Umasanja timakala, kuika tizitsotso, kuyatsa kajumbo, kukupiza ndi chivundikiro cha poto, utsi uli kobo m'maso, ndipo utsi womwewo akupuma mwana ali kumsana. Mphindi 20 zimatha madzi asanayambe n'komwe kutentha. Pa gasi ndi kamtengo kamodzi ka machesi. Phala la mwana, madzi osamba, tiyi wanu musanathamangire minibasi, zonse zimatheka dzuwa lisanatuluke.

Komabe ndisakunamizeni kuti gasi athetsa zonse. Makala umatha kugula a kajumbo kamodzi lero, pamene gasi amafuna ndalama ya nthawi imodzi, ndipo akatha pa 20 mwezi usanathe, mumasowa pogwira. Ife timachita chonchi: gasi ndi wa zinthu zachangu, za m'mawa ndi zotenthetsa ndiwo madzulo, nyemba, nyama yolimba ndi zina zochedwa kupsa zimapita pambaula. Mukatero kasilinda kakang'ono kaja kokhala ndi chophikira pamwamba kamakhalitsa. Anthu ambiri amaopa kuti gasi amaphulika. Ulemu wake ndi wosavuta: muziphikira pamalo popita mphepo, mukatha mutseke, ndipo mukamva fungo lake musayatse machesi kapena kukhudza switchi, tsegulani mawindo. Mukakayikira kuti pakudontha, pakani thovu la sopo polumikizira; pakatuluka timabaluni, pamenepo ndiye pali vuto. Chimene ine ndimaopa kwambiri ndi mbaula yoyaka kuilowetsa kuchipinda nyengo yozizira n'kutseka chitseko. Mpweya wa makala sununkha, munthu amangogona osadzukanso. Zimenezo musadzayerekeze, ngakhale kuzizire chotani.

Ndikamayang'ana phiri la Ndirande lero, lambee ngati lametedwa, ndimadziwa kuti matumba a makala amene ndinaphikira zaka zonsezi anachokera ku mitengo ya kwinakwake. Ichi n'chifukwa china chimene ndimakondera chilichonse chochepetsa makala. Nyemba muziziviika usiku wonse. M'mawa ziwire bwinobwino kwa theka la ola, kenako phulani poto ali chivundikire, mumukulunge m'bulangeti lakale, mumuike m'dengu. Pofika masana nyemba zafewa popanda kuonjezera khala ndi limodzi lomwe. Kumudzi kwa mayi anga, kumene amaphikira nkhuni, tinawagulira Chitetezo Mbaula, ya dothi ija, ndipo mtolo umene unkatha msanga pamafuwa tsopano umakhalitsa.

Kanthu kena kamene anthu amakapeputsa ndi fulasiki. Madzi owira usiku amakhala otentha mpaka m'mawa. M'nyumba ya khanda, fulasiki imagwira ntchito kuposa TV.

Za kuwala ndinena mwachidule. Magetsi athu ambiri amachokera pa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima tinakhala nawo kupitirira chaka. Kuyambira pamenepo nyumba yanga siisowa nyale ya sola, yotchajanso foni. Kandulo pafupi ndi neti ya udzudzu, mayi wotopa atagona akuyamwitsa, ndi ngozi yongodikira tsiku. Netiyo ndikhulupirira muli nayo, poti kusikelo amapereka kwa amayi oyembekezera. Ngati yang'ambika, isokeni kapena gulani ina musanaganize china chilichonse.

Pali kagulidwe kenanso kamene kamadya ndalama mwakachetechete. Ndikunena ufa wa walkman, mafuta ophikira a m'timachubu, shuga wa pasupuni, sopo woduladula. Sindikunyoza, poti tonse tadutsamo, ndipo tsiku limene m'thumba mulibe kanthu timeneti ndi timene timapulumutsa banja. Koma mukawerengetsa pamwezi, wogula pang'onopang'ono ndiye amalipira zambiri, kuonjezera apo maulendo a kuokala katatu patsiku. Ndalama ya chipereganyu ubwino wake ndi wakuti imabwera pamodzi, ndiye ingakutulutseni m'kagulidwe kameneka. Ikakupezani nyengo yokolola, kuyambira mu Epulo mpaka mu Juni, gulani matumba angapo a chimanga a makilogalamu 50, chifukwa chimanga chomwecho mu Januwale ndi Febuluwale chimakhala china. Muchisunge chouma bwino m'matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Mukamanga bwino mpweya sulowa, anankafumbwe amafera momwemo popanda kuthira mankhwala. Mafuta, sopo, mchere ndi shuga mugule za mwezi wonse kumasitolo a pikulitsa ngati Chipiku. Mtendere umene umakhala pankhope ya mayi wodziwa kuti ufa ulipo mpaka mwezi wamawa, mudzauona nokha.

Ndipo si katundu yekha amene amapeputsa moyo. Pali ntchito zimene timalipira anthu ena, zimene tazizolowera mpaka kuiwala kuti ndi thandizo. Agogo anga ankadzuka tambala woyamba kukasinja pamtondo, kukonola, kupeta, kuviika mphale, kusinjanso, kusefa. Manja awo anali ndi zikang'a ngati a munthu wogwira khasu chaka chonse. Lero timapita kuchigayo, kukonoletsa ndi kugayitsa, pakutha pa ola limodzi tabwerako ndi ufa komanso madeya a nkhuku. Mayunitsi a magetsi tinkachita kukwerera minibasi kukaima pamzere. Lero akatha usiku mumagula pa Airtel Money kapena Mpamba, manambala 20 aja abwera pafoni, mwalowetsa mumita, nsima yapitirira kuphikidwa. Onetsetsani kuti alamu nawo ali ndi kandalama pafoni yawo ka zinthu zoterezi, asamachite kudikira inu muweruke.

Mwa ntchito zolipira zonsezi, imene ndingakulangizeni kwambiri panopa ndi yochapa. Pezani mayi wodalirika wa m'dera lanulo azibwera kamodzi kapena kawiri pasabata kudzachapa zofunda ndi zovala zikuluzikulu, mpaka khanda litakulako. Mumulipire zimene mwagwirizana, tsiku lomwelo, ndipo adye chimene inu mukudya. Pamenepa pali chinthu chimene chimandipweteka mtima: mabanja ambiri a m'tauni amakatenga kamtsikana kumudzi, ka msinkhu wa sukulu, n'kukasandutsa kantchito kogona kukhitchini. Moyo wanu usapepuke polemetsa mwana wa munthu wina. Ngati simungathe kulipira munthu wamkulu, gawanani ntchitoyo awirinu. Mwamuna wochapa matewera a mwana wake sanachepe paliponse.

Sungani nambala ya wakabaza mmodzi amene mumamudziwa bwino, wokhala ndi zipewa ziwiri, woyendetsa modekha. Mwana akatentha thupi usiku si nthawi yoyamba kufunafuna. Chimodzimodzi pulambala, wokonza magetsi ndi telala. Munthu wodziwa ntchito yake akakuzolowerani, amabwera msanga ndipo sakuberani.

Firiji mwina mukuiganiziranso. Ndi yabwino, imalola kugula ndiwo za sabata ndi kusunga zotsala, ndipo ena amabwezerapo ndalama pogulitsa zoziziritsa kukhosi mu Okutobala. Koma imadya mayunitsi, imafuna kachipangizo koiteteza magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo kwa banja la anthu atatu ingathe kudikira chipereganyu chotsatira.

Tibwerere ku sofa. Sindikuti musadzagule. Nyumba yolandirira alendo mwaulemu ndi chinthu chabwino, ndipo inunso muli ndi ufulu wokhala pofewa mukaweruka. Koma zimene ndatchulazi, mgolo, ndowa ya kampopi, kasilinda, fulasiki, nyale ndi chimanga, zonse pamodzi mwina sizimaliza ndalama yanu yonse. Yotsalayo pitani nayo kwa akalipentala a ku Mchesi, mukagwirizane mipando yamatabwa yolimba yokhala ndi makushoni, muzilipira m'magawo. Sofa zina zonyezimira za m'mbali mwa msewu ndi chikomekome cha mkuyu. Khalanipo, gwedezani, funsani mtengo umene apangira m'katimo. Chimene ndikukuletsani ndi kutenga katapila kuti mugule zonse nthawi imodzi. Ndalamayo musaigonekenso nthawi yaitali poti mukuganizabe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera m'masiku ochepa, ndipo amene anasunga ndalama m'nyumba anapeza kuti yafupika.

Mu imelo yanu mawu akuti "ndalama yanga" mwawalemba katatu. Ndi yanu ndithu, mwaikhetsera thukuta miyezi yonseyi. Koma malaya amene munkavala popita kuntchitoko anachapidwa ndi madzi osenza pamutu. Loweruka mukatha kuonerera m'mawa wa alamu, khalani pansi awiri, pepala ndi cholembera, iwo ayambe kutchula. Mwina atchula chinthu chimene ine sindinachiganize, monga chingwe choyanikira zovala, beseni lachiwiri kapena loko wabwino wa pachitseko. Mukagula, mundilembere kuti munayambira chiti, ndipo mundiperekere moni kwa alamu anga ndi kamwanako.